Hatchi, Wokwera ndi Wogwira Chingwe: Mbiri ya Mphotho ya Chaka ndi Chaka

 Nkhani yathu lero ndi ya mahatchi, kapena kuti akavalo monga momwe Buku Lopatulika limawatchulira, ndiponso ya anthu amene amakwera nyamazi pa mpikisano wa liŵiro.

Wina angafunse kuti, kodi ife a ku Mzimba, anthu a ng'ombe ndi ngolo, za mahatchi zitikhudza bwanji? Yankho lake tilipeza m'mwezi wa Ogasiti. M'mwezi umenewu Angoni amasonkhana patsinde pa phiri la Hora kuchita mwambo wa Umthetho, kumene maina a mafumu ndi ngwazi zakale amatchulidwa m'zithokozo. M'mwezi womwewo ku South Africa, dziko limene makolo a Angoniwo anachokera, ndiponso kumene ana a ku Mzimba akhala akupita kukagwira ntchito kwa zaka zoposa 100, kumakhala mwambo wina wotchula maina a ngwazi. Mwambowo umatchedwa Equus Awards, ndipo pamenepo amalemekeza hatchi yopambana m'chakacho, mphunzitsi wa mahatchi wopambana, ndi wokwera wopambana, amene Angerezi amamutcha champion jockey. Mbiri ya mphotho ya wokwerayu ili ndi phunziro limene munthu aliyense wodziŵa za ulendo wa ku Joni angalimvetse msanga: kuti dzina la munthu litchulidwe pagulu, luso lokha silikwanira, payenera kukhalanso chipata chotseguka choti munthuyo aloŵerepo.

Tiyambe ndi kaŵerengedwe kake. Ku South Africa chaka cha mipikisano ya mahatchi chimayamba pa 1 Ogasiti ndi kutha pa 31 Julayi. Wokwera amene wapambana mipikisano yambiri m'miyezi 12 imeneyi ndiye ngwazi ya chakacho. Palibe kuponya voti, palibenso kukondera pa chiŵerengero, pakuti hatchi ikafika patsogolo yafika patsogolo. Motero mphothoyi imaoneka yachilungamo kotheratu. Koma tisanavomereze zimenezo, tione kaye kumene mwambowu unachokera.

Mahatchi a mpikisano ndi a mtundu umodzi wotchedwa Thoroughbred, umene unaŵetedwa ku England zaka pafupifupi 300 zapitazo. Monga momwe mŵeti wa ng'ombe amadziŵira nkhunzi imene inabereka ng'ombe za m'khola mwake, eni mahatchiŵa amasunga mbiri ya makolo a hatchi iliyonse m'buku limene linayamba kulembedwa mu 1791. Mukatsata mzere wa abambo, mahatchi onseŵa amakathera pa amphongo atatu okha amene anachokera ku maiko a kum'maŵa: Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Hatchi yotere imalemera makilogalamu pafupifupi 500, ndipo imathamanga makilomita ngati 60 pa ola. Koma munthu woikwera ayenera kukhala wopepuka kwambiri, kaŵirikaŵiri wa makilogalamu ongopitirira pang'ono 50, ndiko kunena kuti wolemera ngati thumba limodzi la chimanga. Munthu wamng'ono choteroyo amanjuta pamwamba pa chinyama chachikulu, mapazi okha ali m'zopondera, pakati pa mahatchi ena khumi kapena kuposerapo amene akupanikizana pofuna njira. Akagwa, ziboda za mahatchi a m'mbuyo zimamudutsa pamwamba.

Kulimbana ndi sikelo ndiko kumazunza okwera koposa kugwa kumene. Fred Archer wa ku England anali ngwazi kwa zaka 13 zotsatizana, kuyambira 1874 mpaka 1886. Anali wamtali kuposa okwera anzake, choncho ankadzimana chakudya, kumwa mankhwala otsegula m'mimba ndi kukhala m'chipinda cha nthunzi kuti thupi lipepuke. Mu Novembala 1886, thupi lake litafooka ndiponso ali ndi chisoni cha imfa ya mkazi wake, anadwala matenda otentha thupi nadziwombera ndi mfuti ali ndi zaka 29 zokha. Pambuyo pake panadza Gordon Richards, amene anakhala ngwazi ka 26 napambana mipikisano 269 m'chaka chimodzi cha 1947, ndiponso Lester Piggott, ngwazi ka 11, amene dzina lake linaperekedwa ku mphotho za okwera a ku Britain zotchedwa The Lesters. Tsono tikamva kuti wakutiwakuti walandira chikho, tidziŵe kuti chikhocho wachigula ndi njala ya tsiku ndi tsiku.

Kuchokera ku England mwambo wa mipikisanowu unafalikira kulikonse kumene Angerezi anakakhala, ndipo ku America unasonyeza msanga chimene tanena chija za chipata. Kumeneko, m'masiku a ukapolo, osamala ndi kukwera mahatchi a anthu olemera a m'zigawo za kummwera anali akapolo akuda. Ukapolo utatha, luso linatsala m'manja mwawo. Pamene mpikisano wotchuka wa Kentucky Derby unachitika koyamba mu 1875, okwera 13 mwa 15 anali akuda, ndipo anapambana ndi mmodzi wa iwo, Oliver Lewis. Isaac Murphy anapambana mpikisanowu katatu, mu 1884, 1890 ndi 1891. Pa mipikisano 28 yoyambirira, okwera akuda anapambana 15. Koma ntchitoyi itayamba kukhala ya ndalama zambiri ndi ulemu, okwera achizungu anagwirizana zowapanikiza anzawo akuda pa bwalo, ndipo eni mahatchi, poopa kuti mahatchi awo angavulazidwe, anasiya kuwalemba. Jimmy Winkfield, amene anapambana mu 1901 ndi 1902, anachoka kukakwera mahatchi ku Russia, kenako ku France, ndipo kuchokera pa iye palibe wokwera wakuda wa ku America amene anapambananso mpikisanowo. Anthu akuda sanachoke m'makola a mahatchi ai. Anatsala akusesa, kudyetsa ndi kugwira chingwe, koma pamsana pa hatchi panakwera ena.

Tsopano tibwerere kwathu, tifunse chifukwa chimene hatchi inasoŵera m'mbiri ya Mzimba. Pamene ufumu wa Andwandwe, umene mfumu yake inali Zwide, unagonjetsedwa ndi Shaka cha mu 1819, Zwangendaba Jere ananyamuka ndi anthu ake kuloza kumpoto. Anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kunachita kadamsana, nakafika mpaka ku Ufipa m'dziko la Tanzania, kumene Zwangendaba anamwalira. Mwana wake M'mbelwa ndiye anatsogolera gulu limene linadzakhazikika m'dera lino. Ulendo wonsewo unali wa pansi, chishango ndi nthungo m'manja, ng'ombe patsogolo. Ngakhale akanakhala ndi mahatchi, sakanafika nawo kutali, chifukwa m'zigwa za Zambezi ndi Luangwa muli ntchentche za kashembe, ndipo palinso nthenda ya mahatchi yofalitsidwa ndi tizilombo touluka usiku, imene imapha mahatchi ambiri amene yawagwira. Nchifukwa chake ngakhale Azungu a boma ndi a mishoni, pamene dera la Angoni linaloŵa m'manja mwa boma la Britain mu 1904, boma loyamba nkumangidwa pa Hora, ankayenda kwambiri pa machila, pa bulu, ndipo pambuyo pake pa njinga. Chuma ndi ulemu wa Mngoni zinali m'khola la ng'ombe, ndipo liŵiro limene ankatamanda linali la miyendo ya munthu.

Chimene chinawaonetsa anthu a kuno mahatchi a mpikisano ndi msonkho ndi ulendo. Kuti apeze ndalama ya msonkho, ya malobolo ndi ya zovala, amuna a ku Mzimba anayamba kupita kummwera, ena kudzera ku Wenela, ena pa okha mwa selefu, kuyenda pansi milungu yambiri. Ena anathera ku Salisbury, kumene tsopano ndi Harare, mzinda umene uli ndi bwalo lake la mahatchi la Borrowdale Park. Ambiri anafika ku Johannesburg. Mzindawu unayamba mu 1886 chifukwa cha golide, ndipo chaka chotsatira, mu 1887, eni migodi anali atayamba kale mipikisano ya mahatchi ku Turffontein, kummwera kwa mzinda, pafupi ndi milu ya mchenga wa m'migodi. Ndalama zogulira mahatchi ambiri a pa bwalolo zinkachokera pansi pa nthaka, kumene anthu onga a kuno ankakumba. Pofika mu 1973 Amalaŵi a m'migodi ya ku South Africa anali oposa 100,000. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha Amalaŵi 74, ndipo Dr. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Kulembako kunayambiranso mu 1977, nkudzatheratu mu 1988. Koma ulendo wa ku Joni sunathe, ndipo mpaka lero nyumba zambiri za malata za kummwera kwa Mzimba zinamangidwa ndi thukuta la m'minda ya maluŵa, m'makhitchini, m'mahotela ndi m'mafamu a ku South Africa.

Abale athuŵa anapeza kumeneko dongosolo limene malo a munthu ankadziŵika ndi khungu lake, ndipo pa bwalo la mahatchi zinali chimodzimodzi. Mpikisano waukulu koposa wa dzikolo ndi Durban July, umene unayamba mu 1897 ndipo umachitika pa bwalo la Greyville Loŵeruka loyamba la Julayi, pa mtunda wa mamita 2,200. Sukulu yophunzitsa okwera inakhazikitsidwa mu 1958, ndipo ili ku Summerveld, kunja kwa mzinda wa Durban. Mnyamata amaloŵa kumeneko ali wamng'ono, naphunzira zaka zisanu, kudzuka mbandakucha kusamala mahatchi ndi kuwathamangitsa, kenako kuloŵa m'kalasi. M'masiku a tsankho mwai umenewu unali wa ana achizungu. Munthu wakuda ankatsuka hatchi, kuidyetsa, kugona pafupi nayo ikadwala, ndi kuithamangitsa m'mamaŵa poiphunzitsa. Tsiku la mpikisano ankaitsogolera mpaka pa bwalo, napereka chingwe kwa wina.

Sikuti anthu akuda sankadziŵa kukwera. Abasotho anayamba kuŵeta mahatchi m'masiku a mfumu Moshoeshoe, ndipo mpaka lero amayenda nawo m'mapiri momwe galimoto singafike. Kumidzi ya Axhosa ndi Azulu kuli mipikisano yawoyawo ya mahatchi, monga wa ku Dundee umene umakoka anthu ambiri chaka chilichonse. Luso linalipo, chimene chinatsekedwa ndi njira yopita nalo pa bwalo lalikulu.

Tisachepetse ngwazi za masiku amenewo, pakuti zinali ngwazi zenizeni. Michael Roberts, wobadwira ku Cape Town mu 1954, amene anzake ankamutcha Muis, kutanthauza mbeŵa, chifukwa cha kuchepa kwake, anakhala ngwazi ya South Africa ka 11. Atatero anapita ku England, ndipo mu 1992 anapambana mipikisano 206 nakhala ngwazi ya kumeneko, kuposa eni dziko pa bwalo lawo lomwe. Palibe angatsutse luso la munthu wotere. Chimene tikunena nchakuti chiŵerengero chija, chimene tinati nchachilungamo, chinkaŵerenga okhawo amene analoledwa kukwera. Mphotho inali yoona kwa amene anali m'kati mwa mpanda, koma inali chete za amene anali kunja.

Tsankho la m'malamulo linatha mu 1994, koma chipata cha mahatchi chinatenga nthaŵi kuti chitseguke kwenikweni, chifukwa wokwera sadzisankhira hatchi. Mwini hatchi ndi mphunzitsi wake ndiwo amasankha woikwera, ndipo hatchi yabwino amapatsa munthu amene amukhulupirira. Wokwera wopatsidwa mahatchi ofooka angakhale waluso bwanji, dzina lake silikwera pa mndandanda.

M'dera la KwaMashu, kumene boma la tsankho linasamutsira anthu akuda a mu Durban, munabadwa mnyamata mu 1985 dzina lake S'manga Khumalo. Sanakulire pafupi ndi mahatchi. Anthu ofuna ana oti akaphunzire kukwera anafika pa sukulu yake, namuona kuti ngwamng'ono thupi, ndipo chimene anzake akanamuseka nacho ndicho chinamutsegulira njira ya ku Summerveld. Anaphunzira, nayamba monga momwe onse amayambira, kupempha mahatchi amene okwera otchuka awakana.

Pa 6 Julayi 2013, tsiku limene ife kuno tinali kukumbukira zaka 49 za ufulu wa dziko lathu, ndiponso pamene Nelson Mandela anali chigonere m'chipatala ku Pretoria, Khumalo anakwera hatchi yotchedwa Heavy Metal, yophunzitsidwa ndi Sean Tarry, napambana Durban July. Panali patapita zaka 116 chiyambire mpikisanowo, ndipo iye ndiye anali munthu wakuda woyamba kuupambana. Koma mpikisano umodzi ungathe kukhala mwai wa tsiku limodzi. Umboni weniweni unadza chaka chotsatira. M'chaka cha mipikisano cha 2013 mpaka 2014, Khumalo anapambana mipikisano 185, kuposa wokwera wina aliyense m'dzikomo, nakhala munthu wakuda woyamba kulandira mphotho ya ngwazi ya okwera ku South Africa. Mphotho yotere siidza ndi mwai. Imafuna kuyenda mlungu ndi mlungu pakati pa Johannesburg, Durban ndi mizinda ina, kukwera mahatchi ambiri pa tsiku, mimba ili pululu. Anailandiranso m'chaka cha 2015 mpaka 2016, ndipo mu 2022 anapambananso Durban July pa hatchi yaikazi yotchedwa Sparkling Water. Chaka chotsatira, mu 2023, mpikisanowo unapambanidwa ndi wokwera wina wakuda, Kabelo Matsunyane, pa hatchi yotchedwa Winchester Mansion. Chimene chinali chodabwitsa mu 2013 chinali chitayamba kuzoloŵereka.

Dzina la Khumalo silachilendo kwa munthu wodziŵa mbiri ya Angoni. Mfunda umenewu ndiwo wa Mzilikazi, amene anayambitsa ufumu wa Andebele a ku Zimbabwe. A Khumalo ndi a Jere anali m'dera limodzi pansi pa mphamvu ya Zwide, ndipo nkhondo zomwezo zimene zinachotsa Zwangendaba zinadzachotsanso Mzilikazi patapita zaka zoŵerengeka. Ena anapita kumpoto, ena anatsala. Choncho pamene dzinali linatchulidwa pa mwambo wa mphotho mu Ogasiti 2014, linali dzina la anansi akale a makolo a anthu amene m'mwezi womwewo amavina ingoma pa Hora.

Komabe tisathamangire kunena kuti nkhani yatha bwino. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo kumbuyo kwa wokwera aliyense wolandira chikho kuli anthu ambiri amene maina awo salembedwa pa chikhocho. Osamala mahatchi ndiwo amadzuka usiku, ndiwo amayamba kudziŵa kuti hatchi yatsimphina kapena yakana chakudya, ndiwonso amamenyedwa ndi ziboda. Ambiri a iwo amakhala m'zipinda za pafupi ndi makola, kutali ndi mabanja awo, monga momwe ankakhalira agogo athu m'makomponi a ku migodi. Mu 2018 osamala mahatchi a ku Randjesfontein, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, ananyanyala ntchito pofuna kuti malipiro awo akwere, ndipo eni mahatchi anaona okha kuti popanda anthu ameneŵa hatchi ya ndalama zankhaninkhani singathe ngakhale kutuluka m'khola. Masiku ano kuli mipikisano ina yapadera ya anthu amene amathamangitsa mahatchi m'mamaŵa, kuti nawonso aonekere pa bwalo. Ndi chiyambi, koma mtunda wa pakati pa wogwira chingwe ndi wokweza chikho ukadali wautali.

Tikumbukirenso kumene kumachokera ndalama za mphothozi. Mipikisano ya mahatchi imayenda ndi ndalama za kubetcha, ndipo gawo lalikulu la anthu obetcha ndi antchito wamba amene amataya pang'onopang'ono poyembekeza kupata zambiri tsiku lina. Popeza kubetcha pa maseŵera kwafika tsopano m'mafoni a achinyamata athu kuno ku Mzimba, nkoyenera kudziŵa kuti wokwera amalandira malipiro ake kaya hatchi yapambana kaya yalephera, mwini kampani yobetchera amatenga gawo lake nthaŵi zonse, koma wobetcha yekha ndiye alibe chotsimikizika.

Tsono omvera, mbiri ya mphothoyi ikutiphunzitsa chiyani ife amene tilibe hatchi ngakhale imodzi m'makola mwathu? Choyamba, kuti mndandanda wa ngwazi, kaya wa maseŵera, wa sukulu kapena wa pa ntchito, tiziuŵerenga ndi mafunso aŵiri: ndani wapambana, ndiponso ndani analoledwa kupikisana. Kwa zaka zoposa 100 yankho la funso lachiŵirili ndilo linkalamula yankho la loyambalo. Chachiŵiri, kuti mwana amene sanaonepo hatchi angathe kukhala ngwazi ya dziko lonse ngati wina afika pa sukulu yake namupatsa mwai. M'sukulu za ku Luwerezi, ku Champhira ndi ku Katete muli ana aluso losiyanasiyana limene palibe analiyesa, ndipo udindo wa aphunzitsi, makolo ndi mafumu ndi kukhala anthu ofika pa sukulupo. Chachitatu, kuti abale athu amene anagwira ndi amene akugwirabe ntchito zosatchulidwa m'dziko la eni ali ngati wogwira chingwe uja. Kumeneko palibe adzawapatse chikho. Malo okha kumene maina awo angatchulidwe ndi kuno kwawo, m'midzi imene anaimanga ndi m'mabanja amene anawaphunzitsa ana. Angoni amadziŵa kutchula maina a mafumu m'zithokozo, ndipo sikungakhale kulakwa ngati mabanja athu atamaphunzitsanso ana maina a agogo amene anayenda pansi kupita ku Joni, amene anabwerera ndi amene anatchona.